Dzanja la Magazi pa Katoni

Loweruka m'mawa ndinamva mfuu pansi pa nyumba yathu, ndipo ndinadziwiratu kuti ndi amake Ziad, ngakhale kuti zaka zonse takhala moyandikana sindinawamvepo akukweza mawu. Ndinatsika masitepe ndi masilipasi. Ndinawapeza ataima pakati pa shopu yawo yatsopano, mpeni wakukhitchini uli m'manja, makatoni asanu ali yasa. M'makatonimo munayenera kukhala makompyuta ochokera kunja. Munali matailosi a pansi, okulungidwa bwinobwino m'mapulasitiki.

Mayiwa ndi amasiye. Anagulitsa zibangili zawo zagolide kuti aitanitse makinawo, atsegule kamalo kophunzitsira kompyuta ana a ku Anfushi kuno ndi kutayipira anthu makalata. Cholinga chinali chimodzi basi: Ziad, mwana wawo yekhayo, apeze chochita, asiye kukhala pagombe n'kumayang'ana nyanja ngati kuti Italy aiona ndi maso. Chibangili chomaliza, cha paukwati wawo, chinapita ku msonkho wa padoko. Anachita kuchivula ndi sopo.

Ziad ndiye anali kuyendayenda m'shopumo, kumenya makoma, kutchula dzina limodzi lokhalokha. Amati ndi Fakhri, mkulu amene amaombolera anthu katundu padoko la Alexandria, yemwe anayendetsa za msonkho wa makompyutawo. Amati apite kupolisi pompano, nkhalamba imeneyo ikafotokozere komweko.

Amake anatembenukira kwa ine.

"A Wagdi, inu moyo wanu wonse munali ku kasitomu. Tiuzeni inuyo. Wachita izi ndani?"

Ndinapempha kuti andipatse mpaka mawa m'mawa, asanapite kupolisi. Ziad anatsonya. Amake anavomera ndi mutu.

Muyenera kudziwa kuti munthu amene wakalambira potsekula makatoni a anzake sakhala ndi abwenzi. Amene unawalipiritsa amakuda, amene unawakanira chiphuphu amakuda kuposa pamenepo. Mkazi wanga anamwalira, mwana wanga wamkazi ali ku Kuwait ndipo amaimba foni pa Idi. Zinthu zimene zinanditsalira zinali ziwiri. China chinali Fakhri yemweyo ndi madomino ake, wakuba pamasewera wotheratu koma pamasewera pokha. China chinali dengu. Amake Ziad amakhala pamwamba panga, ndipo Lachisanu lililonse tikachoka kumzikiti, dengu lawo lomwe amagulira buledi limatsika pachingwe n'kuima pakhonde langa, muli mbale ya mpunga wa nsomba. Sanayambe anenapo kanthu za dengulo, nanenso sindinanenepo. Ndimangotsuka mbale n'kuibweza.

Tsopano dzina la Fakhri likangolowa kupolisi, laisensi yake amulanda tsiku lomwelo, mlandu usanayambe n'komwe. Ndi shuga wake uja, m'chitokosi sakanatha sabata.

* * *

Ndinamupeza pamalo athu omwera tiyi, kufupi ndi geti la padoko. Nkhani inali itamufika kale. Anthu anali atasuntha mipando, iye ali yekha patebulo, tiyi atazizira.

Fakhri amayankhula ngati munthu wotopa ndi dziko kuyambira tsiku lobadwa. Anati Lachitatu woyeza katundu anatsekula makatoni onse asanu, osasiyako, chifukwa panali mkangano woti kodi makinawo awawerengere msonkho ngati athunthu kapena ngati zipangizo. Anawatulutsa, ena mpaka kuwayatsa, Ziad ali pomwepo akuona. Atatha anawabwezera, n'kumata selotepi. Koma msonkho unakwera kuposa mmene amayembekezera, ndalama inaperewera, makatoniwo n'kugona m'shedi mpaka Lachinayi, chibangili chija chitagulitsidwa.

Pamenepo ndiye panali ponamizira pake. Ziad amati usiku umene katundu anagona m'shedi, Fakhri anapangana ndi alonda n'kusinthanitsa. Zoterezi zimachitika, ndaziona ndi maso angawa, sindingakane.

Ndinamufunsa Fakhri kumene anali Lachitatu atachoka padoko.

"Kunyumba, nanga n'kuti? Ndinaphika nyemba, ndinamwa mankhwala, ndinagona. Mboni ukufuna? Kafunse mphaka wanga."

Anazunguza kapu ya tiyi pang'onopang'ono. Kenaka anandiyang'ana m'maso, zimene sachita ngakhale pamene akubisa domino m'manja mwa malaya.

"Wagdi, iwenso ukuganiza kuti ndine?"

Ndinachedwa kuyankha. Ntchito ija inandiononga, sindikhulupirira katoni mpaka nditaitsekula. Iye anaona kuchedwako, anaseka pang'ono, n'kundiuza kuti ndikafunse Zaghloul, dalaivala amene ananyamula katunduyo, poti galimoto nayo ili ndi mimba.

* * *

Zaghloul ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amakuuza mbiri ya wotchi. Ndinamupeza atakhala kumbuyo kwa pikapu yake akutafuna nthangala za mpendadzuwa, makoko akulavulira pansapato zanga. Analumbira pa ana ake, pa manda a bambo ake, pa maso ake awiri, kuti kuchoka pageti la padoko mpaka pakhomo la shopu sanaime ngakhale kugula fodya, ndipo Ziad anali naye kutsogolo. Ndinamufunsa za kulemera kwa makatoniwo. Anati kulemera kwa chiyani, iye ananyamula awiri nthawi imodzi, wina kukhwapa uku wina uku, ndi msana wake woduka uja.

Ndinakumbukira kuti m'mawa ndinayesa kukankha katoni imodzi ndi phazi ndipo inakana. Koma Zaghloul ndi wokonda kudzitama, tsiku lina anatiuza kuti anakankhapo basi yekha. Sindinaike mtima pa mawu akewo.

Ndinali nditayamba kuchoka pamene anayamba kudandaula za kuumira kwa anthu a masiku ano.

"Taonani achikulire, munthu umamubwereka galimoto mwaulere, Lachisanu, pa nthawi ya mapemphero, akuti akapereke nyama ya nkhosa kwa azakhali ake ku Agami. Wabweza thanki ili gwa, youma. Ine kanyama olo kachidutswa, ayi ndithu. Ngakhale fungo la nyama m'galimotomo munalibe!"

Ndinamufunsa kuti anabwereka ndani.

"Aaa, nanga tikukamba za ndani? Ziad."

* * *

Gaber wa pabutchala sataya mawu. Amayankha ndi chikwanje, liwu limodzi, kudula kamodzi. Ndiye amene anazinga nkhosa ya mwambo wothamangitsa diso loipa Lachinayi pakhomo la shopu, makatoni atangotsitsidwa. Ine pamwambowo sindinatsike. Kuno kwathu amati diso la munthu wa kasitomu likagwera pa katundu watsopano, katunduyo sakhalitsa, ndipo ngakhale sanena pamaso panga, ndimaona mmene amaphimbira zinthu ndikamadutsa. Ndinakhala m'nyumba, ndikumva nthungululu kudzera pawindo.

Ndinamufunsa kuti nyama inatsala yochuluka bwanji kufika Lachisanu. Anati sinatsale. Yonse inagawidwa Lachinayi lomwelo, dzuwa lisanalowe, amphawi gawo lawo, anansi gawo lawo. Nanga azakhali a ku Agami? Anabwera okha pabasi, anasankha okha mwendo, anakangana naye za mafuta, anapita.

Ndinafunsa ngati anamuona Ziad kumzikiti dzulo. Gaber amakhala kumbuyo, pafupi ndi nsapato, chifukwa anamuberapo kawiri, choncho aliyense wolowa amamudutsa. Anapukusa mutu.

Kenaka anaika chikwanje pansi, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anati zamupweteka chifukwa mwambo unayenda bwino. Amake Ziad anaviika dzanja lawo m'magazi, okha, osatuma munthu, n'kudinda pakhoma la shopu, pachitseko, ndi pa katoni iliyonse, pamwamba penipeni pamene zivindikiro zimakumana. Ndipo ndi iyeyo Gaber amene anawalangiza kuti asatsekule pamaso pa khamu la anthu, adikire maso achepe. Ziad anavomerezana naye msanga, n'kunena kuti adzatsekule Loweruka.

"Dzanja lonse, zala zisanu, pa katoni iliyonse," anatero Gaber. "Diso loipa likanalowera pati?"

Ndinamusiya akudzifunsa. Ineyo ndinadziwa chimene ndikukayang'ana, ndipo sindinkafuna kuchipeza.

* * *

Shopu inali yosakhoma, nanga munatsala chiyani choti munthu abe? Loko wa pachitseko chachitsulo ndinamuyang'ana, analibe pokandika paliponse. Ndinalowa, ndinagwada, mawondo akulira, n'kubweza zivindikiro za katoni yoyamba kuti zikumane monga zinalili.

Dzanja linalipo, laling'ono, zala zopyapyala, magazi atada. Mpeni wa m'mawa unalidula pakati. Ndinayendetsa chala pamwamba pake. Magazi ouma amakhala okhakhala, amanyenyeka ukawakhudza. Apa panali posalala, poterera. Dzanja la amake Ziad linali pansi pa selotepi.

Ndinakanda ndi chikhadabo pakona, n'kusenda pang'onopang'ono. Pansi pake panali selotepi ina, ya padoko, yodulidwa kale mwaukhondo ndi lezala, magazi ali pamwamba pake monga mmene anawadindira. Wina anatsekula makatoniwo nkhosa itazingidwa kale, n'kumatanso. Ndinayang'ana onse asanu, chimodzimodzi. Fakhri, alonda a m'shedi, Zaghloul ndi msana wake, onsewo katunduyu anachoka m'manja mwawo ali wathunthu.

Ndinatulutsa tailosi imodzi. Yabuluu, ya timaluwa toyera. Ha! Miyezi yonse ija ndakhala ndikupunthwa pa mulu wa matailosi otsala pokonza shopu, amene anawaunjika pansi pa masitepe athu, ndikutukwana m'mawa uliwonse. Lero m'mawa ndinatsika mothamanga ndipo sindinapunthwe. Ndinasuzumira pakhomo lolowera kumasitepe. Panali fumbi lokha ndi chizindikiro cha pamene panali mulu.

Lachisanu masana msewu wathu umakhala wopanda munthu. Amuna ali kumzikiti, mashopu otseka, amayi ali kumoto. Munthu akhoza kunyamula nyumba yonse.

"Malume, mukufuna chiyani m'makatoni mwathu?"

Ziad anali ataima pakhomo, dzuwa lili kumsana kwake. Mwana ameneyu ndinamuona akuphunzira kuyenda pamasitepe omwewa. Ndinangonyamula kachidutswa ka selotepi kaja, kali ndi magazi, n'kumuonetsa.

Anayang'ana nthawi yaitali. Sanakane, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa bodza. Anatsitsa chitseko chachitsulo mpaka theka, n'kuyamba kuyankhula motsitsa mawu, mofulumira, ngati munthu amene wakhala akuyeseza. Anati makinawo anapita kale, anagulitsa kwa munthu wina wa ku Agami, ndipo ndalama zake zili kale m'manja mwa anthu a boti owolotsa anthu mozemba kupita ku Italy. Anati anawauza amayi ake kambirimbiri kuti sakufuna kukalambira m'kashopu akutayipa madandaulo a anthu, koma iwo samva, amangovula zibangili. Anati akakafika kutsidya, chaka chisanathe adzawagulira makompyuta khumi ndi golide wodzaza mkono.

Ndinamufunsa za Fakhri.

"A Fakhri ndi okalamba, Malume. Alibe mkazi, alibe mwana. Apolisi akawasunga masiku angapo, awatulutsa. Ndani angawalire?"

Abale inu, mbama inandiyabwa m'dzanja. Ndani angawalire! Mwanayo amanena za Fakhri, koma amayang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti tsiku lina wina adzanena mawu omwewo pa dzina langa, ndipo adzakhala akunena zoona.

Ndinamuuza kuti akwere akawauze yekha amayi ake dzuwa lisanalowe, apo ayi ndikwera ndine.

Anaseka.

"Kwerani. Mukawauze kuti mwana wawo ndi wakuba. Ndiye muone ngati dengu lija lidzatsikenso."

Ndimaganiza kuti za dengulo timadziwa anthu awiri okha. Anakweza chitseko n'kutuluka, kulowera cha kugombe.

* * *

Ndinadikira pakhonde langa mpaka mthunzi unafika tsidya lina la msewu. Ziad sanabwere. Ndisaname, ndinaganizapo zokhala chete. Ndikanatha kunena kuti za padoko n'zovuta, palibe angadziwe, n'kuwanyengerera amake Ziad kuti asapite kupolisi. Koma Ziad akanapita yekha kukasuma kuti adziyeretse, ndipo dzina la Fakhri likanakhala lodetsedwa mpaka kumanda. Ndinaona nkhope yake ija pamene ndinachedwa kumuyankha. Ndinavala nsapato.

Zaka zonsezi ndinali ndisanagogodepo pachitseko cha amake Ziad. Anatsekula atavala mpango, manja ali ndi ufa. Ndinawapempha kuti atsike nane kushopu. Sanafunse chifukwa.

Ndinabweza zivindikiro monga ndinachitira poyamba. Ndinawauza za selotepi ziwiri, za matailosi a pansi pa masitepe, za galimoto ya Zaghloul ndi nyama imene sinapite ku Agami. Ndinayankhula ngati ndikupereka lipoti kwa bwana, maso ali pa katoni, chifukwa nkhope yawo sindikanatha kuiyang'ana. Dzina la mwana wawo sindinalitchule. Panalibe chifukwa, makiyi a shopuyo anali awiri okha.

Anagwada. Anaika dzanja lawo pa dzanja la magazi lija, chala pa chala, ndipo linakwana ndendende. Ufa unatsalira pa selotepi.

"Ndinaziona m'mawa," anatero. "Pamene ndimadula. Mkazi amadziwa pamene anaika dzanja lake."

Ndinawafunsa kuti nanga anandifunsiranji.

"Ndimati mwina inu mundiuza kuti ndi a padoko. Inu mukananena, ndikanakhulupirira. Ndikanagona."

Anadzuka okha, osalola kuti ndiwagwire mkono. Anakonza mpango wawo. Anati ndikawauze a Fakhri kuti kupolisi sikupita munthu, ndipo awakhululukire mawu amene anatuluka m'nyumba mwawo. Anandithokoza, mwaulemu wonse, monga mmene munthu amathokozera kalaliki amene wamudindira pepala. Kenaka anakwera masitepe, ndipo ndinamva chitseko chawo chikutsekeka pamwamba.

Fakhri nditamuuza anangogwedeza mutu n'kuitanitsa tiyi wa anthu awiri. Anthu anabwezera mipando yawo pafupi naye ngati palibe chinachitika. Tinasewera, anaba monga mwa masiku onse, ndinamuleka.

Ziad sanagonenso pakhomo. Gaber anamva kuti anamuona akukwera basi yopita kumadzulo, chikwama chaching'ono chili kumsana. Mwina akanapitabe ngakhale ndikanakhala chete, koma akanatsanzika, akanapsompsona dzanja la amayi ake ngati mwana wolakwiridwa, iwo n'kutsala ndi munthu wina womuda. Shopu inakhala yotseka, dzanja la magazi likuuma pachitseko. Pamwamba panga ndimamva mapazi a munthu mmodzi, kuchoka kukhitchini kupita kuwindo loyang'ana kunyanja, n'kubwerera.

Lachisanu nditachoka kumzikiti ndinakhala pakhonde monga mwa nthawi zonse. Ndinadziuza kuti ndikungopuma mphepo, komabe tebulo ndinali nditalipukuta. Fungo la anyezi wokazinga silinabwere. Patapita nthawi ndinamva chingwe chikukhulana ndi chitsulo cha khonde la pamwamba. Dengu linatsika pang'onopang'ono, likuzungulira. Linafika pamaso panga. Ndinali nditatambasula kale dzanja.

Linapitirira. Linatsika mpaka mumsewu, pamene wogulitsa buledi anali ataima ndi njinga yake. Anatengamo ndalama, anaikamo buledi mmodzi yekha, n'kugwedeza chingwe. Dengu linakwera, linandidutsanso pafupi kwambiri moti ndinamva kutentha kwa buledi, n'kukalowa pamwamba.

Ndinabweza dzanja langa. Ndinalowa m'nyumba kukatenthetsa nyemba za dzulo.